Ndikufuna kukayesa selection ya special forces ku UK, mtima wake munthu amaukonza bwanji?

Kopolo_Ndix

Moni nonse abale anga, a kuno ku UK ndi akumudzi omwe. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete koma lero ndati ndifunseko poti nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine ndi mwana wa ku Ndirande, ndinalowa usilikali wa Britain kudzera njira ya Commonwealth ija, pano ndatha zaka 5 ku infantry, ndili lance corporal, zaka zanga 27. Chiyambire chaka chatha mtima ukungondikoka kuti ndikayese selection ya special forces, mayeso aja osankhira asilikali olowa mmagulu apadera a SAS ndi SBS, omwe amachitira pamodzi ku mapiri a ku Wales. Kuthamanga ndimathamanga bhobho, jimu ndimapita kasanu pa sabata, mayeso onse a ku battalion ndimakhala mgulu lakutsogolo, koma ndikafunsa anzanga ku kampu aliyense akungoti nkhani ndi mtima aise, nkhani ndi mtima, osandiuza kuti mtimawo ndiwutani. Kodi umachita kuphunzitsidwa kapena ndi chibadwa basi, amene alibe alibe?

China ndi choti sindinaonepo munthu wakuda wa kwathu kuno amene anadutsa, nde nthawi zina ndimadzifunsa kuti kodi ife a Commonwealth amatitengadi kapena ndikungotaya nthawi. Ndili ndi mkazi ndi mwana wa miyezi 8, mayi anga ku Blantyre amadalira kangachepe komwe ndimatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo kunena zoona madam sindinawauze kuti ndikuganiza zimenezi. Amene munayesapo kapena mukudziwa wina amene anayesa, ndithandizeni chonde, musandibisire.

Mkulu_waKale

Mng'ono wanga wachita bwino kufunsa. Ine ndinatumikira zaka 12 ndipo selection imeneyi ndinakayesa kamodzi, ya nyengo yozizira, sindinamalize. Nde zomwe ndikuuze pano ndi za munthu amene anakaponda mapiriwo nkubwerera, uzilandire choncho.

Za jimu uyambe wachepetsa. Sindikuti nzoipa ayi koma minofu ya pachifuwa ija ukafika ku Brecon Beacons, mapiri a ku Wales aja, imangosanduka katundu wina woti unyamule. Chofunika ndi miyendo, msana ndi mapazi ozolowera bergen, chikwama chachikulu cha asilikali chija, maola ambirimbiri, lero, mawa, mkuja, thupi lisanabwerere mchimake ukunyamulanso. Fan Dance imene anthu amaitchula kwambiri ija ndi makilomita 24, umakwera phiri la Pen y Fan, kutsetserekera mbali inayo, kutembenuka nkudzakweranso pa chitunda cha Jacob's Ladder miyendo itatha kale, chikwama cha pafupifupi 18kg osawerengera madzi ndi mfuti, ndipo amafuna umalize mmaola 4 ndi timphindi pang'ono. Koma imeneyo ndi moni chabe. Kumapeto kwa test week, sabata yomaliza ya mayeso a ku mapiri, kuli ulendo wa makilomita 64 woti uthe mmaola 20, chikwama chitafika 25kg, uli wekhawekha mdima nkukupeza panjira.

Tsono za mtima zomwe wafunsazo, ndikuuze chomwe chinandidabwitsa ine. Ku basic training tinazolowera kuti sajeni ali kumbuyo akukalipa, akukutukwana, akukuthamangitsa, ndipo nthawi imeneyo umadana naye koma ukaganiza bwino kukalipa kuja kumakunyamula, chifukwa ndiye kuti pali wina akukuona ndipo akufuna ufike. Ku selection kulibe zimenezo. Ma DS, aphunzitsi oyendetsa selection, sakalipa, sayamikira, nkhope zawo suwerengapo kanthu. Ukafika pa RV, malo okumanirana pomwe ma DS amakudikira panjira, umawaonetsa pa mapu pomwe uli, ndipo umaloza ndi kaudzu kapena kona ya kampasi osati chala, akupatsa grid, manambala a pa mapu a RV yotsatira, uwaonetse komwe ukulowera, basi nyamuka. Sakuuza kuti kwatsala ma RV angati, sakuuza ngati uli mkati mwa nthawi kapena wachedwa kale. Madzulo umagona osadziwa ngati mmawa dzina lako litchulidwe pa amene akubwerera ku unit. Chete ameneyo ndi amene amamaliza anthu ambiri kuposa phiri.

Ine ndinasiyira ku Elan Valley, dera lina la ku Wales komweko. Kumeneko kulibe njira, ndi madambo okhaokha ndi zitsinde za udzu zija asilikali amati babies' heads, ukaponda pamwamba bondo likupotoka, ukaponda pakati walowa mmadzi ozizira mpaka mmaondo. Tsiku limenelo kunagwa nkhungu ngati chiperoni cha ku Thyolo koma chozizira kakhumi, ndinalakwitsa bearing ya pa kampasi nkutaya pafupifupi ola lathunthu, ndipo mmene ndimafika pa RV ndinapeza lole itaima, mkatimo muli anyamata awiri amene anali atasiya kale akumwa tiyi wotentha. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti staff ndasiya. DS uja sanandifunse kawiri, anangoti kwera. Mphindi 20 zisanathe, nditamwa tiyi uja, thupi linali bwinobwino, ndikanatha kuyenda makilomita ena 15. Chimenechi chinandipweteka zaka zambiri ndipo mpaka pano ndikachikumbukira mtima umawawa. Nditakhala pansi patapita nthawi ndinazindikira kuti sindinasiyire pa RV paja, ndinasiya usiku wa dzulo lake ndili pabedi, pomwe ndinayamba kukonza mawu oti ndikawauze anzanga ku battalion ndikabwerera. Munthu ukayamba kukonza mawu amenewo ndiye kuti chikwama watula kale, miyendo ikungotsalira kumva uthenga.

Nde inde mtima umaphunzitsidwa, koma sumaphunzitsidwa ndi mavidiyo a pa YouTube. Weekend iliyonse yomwe uli free pita ku mapiri wekha, makamaka tsiku lomwe nyengo yaipa ndipo sukufuna kudzuka. Usaike ma earphone, usadalire GPS ya pa wotchi, usajambule zoika pa status kuti anthu akuyamikire, chifukwa ukazolowera kuyamikiridwa ukakusowa kumeneko. Mapu ndi kampasi zikhale ngati manja ako, uziwerenga ma contour, mizere ya pa mapu yoonetsa zitunda ndi zigwa, uzidziwa kuti mapazi ako angati amakwana mamita 100 pa chitunda ndi pa chigwa, usiku ngati usana. Anthu ambiri amphamvu amagwa chifukwa cha mapu osati miyendo. Kulemera kwa chikwama uzionjezera pang'onopang'ono kwa miyezi, ukathamangira 25kg mwezi woyamba ufika ku selection ndi mafupa a miyendo osweka kale mkati. Jombo zikhale zoti wayenda nazo mitunda yambiri, uphunzire kusamala matuza, uphunzire kudya ukuyenda ngakhale pakamwa pakukana. Ndipo udziikire lamulo loti chiganizo chosiya suchipanga uli pa chitunda, uli ndi njala kapena ukuona lole, uzinena kuti ndikaganiza pa RV inayo nditadya. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, iwe ntchito yako ndi RV imodzi yomwe wapatsidwayo basi.

Mwayi amapereka kawiri kokha, ndipo amene amafika kumapeto ndi ochepa zedi, kawirikawiri amati mmodzi pa anthu khumi. Usapite kukangoonako kuti zimakhala bwanji.

Mnyamata_waLikhubula

Amwene ine si msilikali koma ndafufuza Pen y Fan yo ndapeza kuti ndi mamita 886 okha eti, pomwe Sapitwa wathu ndi 3002, ngakhale Lilongwe weniweniyo ali pamwamba kuposa kaphiri kameneko. Kuno ku Mulanje anyamata amanyamula zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula mpaka ku Chambe tsiku ndi tsiku, ena atavala masilipasi, ndipo pa Porters Race amathamanga phiri lonse lija ngati akupita ku msika. Mmalawi kuvutika anazolowera kuyambira ali mwana, kutunga madzi, kusenza nkhuni, kuyenda wapansi kupita ku sukulu mimba ili pululu. Pitani amwene mukatiimilire, chachikulu musakaime zivute zitani, bola kukomokera panjira kusiyana nkubwerera ndi manyazi.

Nesi_Leeds

Achimwene a ku Likhubula ndikudziwa mukunena ndi mtima wabwino koma mawu omalizawo chonde abwezeni, anthu anafa nawo maganizo amenewo. Ine ndi nesi kuno ku England ndipo mlongo wanga naye ndi msilikali, nde nkhanizi ndimazitsatira ndi mantha.

Pa 13 July 2013 asilikali atatu a reserve anakomoka ndi kutentha pa phiri lomwelo mukulitcha kaphirilo, pa ulendo wa selection wa makilomita pafupifupi 26, awiri anamwalira tsiku lomwelo wachitatu anakamwalirira ku chipatala patatha masabata awiri. Sanali anthu ofooka, ena mwa iwo anali atapitako kale ku Afghanistan, ndipo mmodzi anagwa atatsala pang'ono kwambiri kumaliza. Kafukufuku wa imfa zawo mu 2015 anapeza kuti panali kunyalanyaza kwa oyendetsa. Vuto la kutentha kwa thupi ndi loti kumayamba ndi kusokoneza bongo, munthu amayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka, kulephera kuwerenga mapu amene amawadziwa bwino, koma iye mwini akumva ngati akungofunika kulimba mtima pang'ono. Nde ngati unadziphunzitsa kuti kuima kulikonse ndi manyazi, palibe chomwe chingakupulumutse.

A Kopolo, chinthu chomwe ndikukupemphani mwapadera ndi magazi. Mu November 2019 anyamata awiri amene anabwera kudzalowa usilikali, wina wa ku Ghana wina wa kwathu ku Malawi, anamwalira atakomoka pothamanga mayeso olowera ku Lichfield, masiku osiyana mwezi womwewo, ndipo onse anapezeka kuti anali ndi sickle cell trait. Trait si matenda, munthu umangotengera mbali imodzi kwa kholo limodzi ndipo umakula bwinobwino, kusewera mpira, kulima, osadziwa kanthu, ndipo kwathu alipo ambiri otere. Koma thupi likapanikizidwa kopitirira, madzi atachepa, kukutentha, minofu imatha kuyamba kuphwanyika mkati nkuwononga impso mwinanso kuimitsa mtima. Chichitikireni zimenezo anayamba kuyeza olowa kumene, koma inu musangoganiza kuti ndinayezedwa, pitani kwa medical officer mufunse zotsatira zanu muzione ndi maso anu. Ndipo tsiku lililonse mukatrena kwambiri nkuona mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka kapena Coke, miyendo ikupweteka modabwitsa kapena yangofooka ngati si yanu, imeneyo si nkhani yopirira, ndi ya chipatala tsiku lomwelo.

Kuzizira nakonso kumatisankha. Ndi zodziwika mu usilikali wa kuno kuti asilikali ochokera ku Africa amavulala mapazi ndi manja chifukwa cha chisanu ndi chinyezi kuposa anzawo a konkuno, amati non-freezing cold injury, ndipo ambiri ntchito inawathera pomwepo. Phazi limachita dzanzi, munthu nkumati zitha, pomwe mitsempha ikuwonongeka ndipo ena ululu wake amakhala nawo moyo wonse. Masokosi ouma, kupukuta mapazi, kunena msanga dzanzi likakana kuchoka, zimenezi si ulesi.

Pomaliza, mlamu wangayo muuzeni. Ndikunena ngati mzimayi. Miyezi yonse yomwe muzikhala ku mapiri ma weekend iye adzakhala yekha ndi khanda dziko la eni lopanda agogo kapena azakhali oti amulandireko mwana, ndipo mukadzadutsa ndiye kusowa pakhomo kudzachuluka, osamuuza komwe muli. Akamva kwa ena zidzamupweteka kuposa nkhani yeniyeniyo.

Sajeni_Wopuma

Mwana wanga, ine za ku Britain sindinakhaleko, usilikali wanga ndinachitira konkuno ku Malawi Defence Force mpaka kupuma, ndipo zaka zina ndinali mmodzi mwa ophunzitsa anyamata ku Salima. Koma msilikali ndi msilikali kulikonse, nde ndiloleni ndiponyepo mawu.

Ophunzitsa akamayang'ana gulu sayang'ana amene ali kutsogolo pothamanga yekha ayi. Ife timayang'ana nthawi yomwe mnyamata akuganiza kuti palibe akumuona. Kodi akafika pa malo opumira amayamba wasamala mfuti kapena amayamba wagona? Akapatsidwa ulonda wa 2 koloko usiku mvula ikugwa amadzuka yekha kapena mpaka amugwedeze katatu? Chakudya chikachepa amagawa bwanji? Akalakwitsa amanena kuti ndalakwitsa bwana kapena amayamba kuloza mnzake? Ndaona anyamata amphamvu ngati ng'ombe, okamba kwambiri ku kantini, amene tsiku lachitatu lopanda tulo amasanduka anthu ena, kukalipira anzawo, kubisa bisiketi mthumba, kutsamira pa mtengo anzawo atasenza. Ndipo ndaona ena owonda osayankhulayankhula amene sumawaona nkomwe sabata yoyamba, koma zinthu zikafika povuta ukatembenuka umapeza ali pomwepo, chikwama chili mmalo mwake, mfuti yoyera, akumuthandiza mnzake kumanga bala. Magulu apaderawa amayenda anthu ochepa kwambiri kutali ndi thandizo, nde funso lomwe wophunzitsa amadzifunsa mumtima ndi loti kodi uyu ndingagone iye atalondera?

Mukumbukire Private Chancy Chitete. Mu November 2018 ku nkhalango za kufupi ndi Beni ku DRC, asilikali athu ndi a Tanzania akulimbana ndi zigawenga za ADF, iye anaona msilikali wa Tanzania atavulala pa mtetete zipolopolo zikuwira, anabwerera kukamukoka nkuyamba kumuthandiza, ndipo anawomberedwa akuchita zimenezo. Mtanzania uja anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo tinataya ana athu 6. Mu 2019 bungwe la United Nations linamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa osungitsa mtendere, banja lake linakalandira ku New York. Mnyamata ameneyu sanali wa SAS, anali private wamba, koma mtima womwe ukufunsawo ndi umenewo, ndipo suyamba tsiku la nkhondo, umayamba ndi mmene ukuchitira ndi anyamata a mu section yako panopa ngati lance corporal.

Udzifunsenso kuti ukufuniranji. Ngati nkufuna kuti ku Ndirande azikuloza kuti uyo ndi komando, sufika, chifukwa ntchito imeneyo ngakhale ukadutsa sudzauza munthu. Walira mvula walira matope mwana wanga, uyambe waona ngati matopewo ukuwafunadi.

Mkulu_waKale

A Sajeni mwalasa, zikomo bambo. Zomwe mwanenazo ndi zomwe zimachitika ku gawo la jungle, amene adutsa mapiri amapita ku Brunei kapena Belize ndipo kumeneko ma DS amakhala nawe usana ndi usiku akungoyang'ana. Ine ku selection sindinafikeko koma nkhalango ya Brunei ndinalowamo ndi battalion, mmawa uliwonse kusanache umavula zouma zomwe unagona nazo nkuvalanso zonyowa zadzulo zonunkha zija mumdima osapanga phokoso, ndipo munthu amene amanyengerera tinthu tating'ono ngati timeneti amaonekera msanga.

Asisi a ku Leeds akunena zoona ndipo sizikutsutsana ndi zomwe ndinanena. Ine ndinasiya ndili bwinobwino, chimenecho ndiye ndimadandaula. Ululu wa matuza, mapewa, njala, tulo, kuzizidwa, kukhumudwa kuti wasochera, zonsezo umayenda nazo. Koma mutu ukayamba kuzungulira, ukuona mapu osawamva, mkodzo wada, phazi lafa dzanzi osabwerera, bondo likugonja lokha, pamenepo ukanena. Kusiyanitsa ziwirizi umakuphunzira pa ma weekend aja uli wekha, nchifukwa chake ndikuti miyezi yambiri, thupi lako ulidziwe mawu ake onse.

Funso lako lina lija ndinalidumpha. A Commonwealth alowamo kuyambira kale. Pa nkhondo ya Mirbat ku Oman mu July 1972, pomwe asilikali 9 a SAS anatchinga gulu lalikulu la adani, amene anathamangira ku mzinga wa 25-pounder nkumauwomba yekha, mzinga woti umafuna anthu angapo, anali Talaiasi Labalaba wa ku Fiji, ndipo amene anathamanga kukamuthandiza atavulala anali mnzake wa ku Fiji yemweyo Sekonaia Takavesi. Labalaba anafera pomwepo ndipo mpaka lero dzina lake ku Hereford, ku likulu la SAS, amalilemekeza, ku Fiji kuli chipilala chake chomwe Prince Harry anatsegulira mu 2018. Za mapepala ndi zaka zomwe akufuna panopa ukafunse ku unit kwako, ndipo pali briefing course yomwe umayamba wapita usanaloledwe, ikakuonetsa pomwe uli. Ngati sunapangepo kosi yolimba ngati P Company ku Catterick, ya ofuna kulowa gulu la asilikali a parachute, ganizira zoyamba imeneyo, mamailosi 10 mu ola limodzi ndi mphindi 50 ndi chikwama, log race, stretcher race, udziwe kuti ukafika pothera mphamvu umakhala munthu wotani.

Mnyamata_waLikhubula

Pepani asisi, za anyamata a 2013 ndi wa kwathu uja sindimazidziwa, mawu aja ndabweza. Ngakhale kuno pa phiri chiperoni chikatsika timawauza alendo kuti tidikire pa hut, Sapitwa wameza anthu amene anakana kumva. Amwene mukabwera ku holide mudzandipeze tidzakwere limodzi ndi chikwama chanucho.

Kopolo_Ndix

Abale ndawerenga kawiri konse ndipo sindiname, nkhani ya lole ndi tiyi ija yandikhudza chifukwa ndadzionamo, ine ndi munthu amene ndimalimba kwambiri pakakhala anthu ondiona, ndipo ndikakumbukira ma weekend onse omwe ndimati ndikutrena ndinali ndi anzanga awiri kapena ma earphone mkhutu, sindinayendepo maola 8 ndekha mumvula ndi mapu okha. A Sajeni funso lanu loti ndikufuniranji ndilibe yankho loyera panopa, mbali ina ndi ntchitoyo yomwe ndimaikonda ndi mtima wonse, mbali ina ndikuvomera kuti ndi kufuna kuoneka, nde ndikhala nalo pansi.

Ndinkafuna kulembetsa ya nyengo yozizira ikubwerayi koma ndaona kuti ndikuthamanga, ndidzipatsa chaka chathunthu ndipo ndikafunsa za P Company kaye. Asisi, Lolemba mmawa ndikupita ku med centre kukafunsa za magazi aja, komanso chala chachikulu cha phazi lamanzere chinachita dzanzi titabwera ku exercise mu February ndipo sichinabwerere bwinobwino, sindinauze aliyense poopa kuti andilemba, ndikanena zimenezonso. Madam ndiwauza usiku uno mwana akagona.

Akulu a Mkulu_waKale ndakulemberani ku inbox, ndikufuna mundiuze njira za ku Elan Valley zoti ndiyambire ndi kulemera kwa chikwama koyenera mwezi woyamba.